Mabanki ndi Manda Opanda Chiliza

Tsiku limenelo mwera unadzuka nafe. Unayamba tisanatuluke mu mzikiti pa swala ya m'mawa, ndipo dzuwa litakwera masamba a migwalangwa ankalira ngati munthu akung'amba nsalu yatsopano. Asodzi sanalowe m'nyanja. Mabwato anali atawakokera pamchenga, eni ake atakhala kuseri kwake akusoka maukonde. Kuchitunda kunkamveka chigalimoto chosalaza nthaka, chija chimalira ngati mwanapiye chikamabwerera m'mbuyo, ndi nyundo za amisiri okhoma malata. Phokoso limeneli ndinali nditalimva kwa miyezi, koma m'mawa umenewo linkamveka ngati lili m'nyumba mwanga.

Ine ndine telala. Kwathu ndi ku Makanjira, koma ndinakwatira kuno kufupi ndi Nkhudzi, ndipo ndinakhala pa chikamwini zaka zonse za ukwati wanga. Mulungu sanatipatse ana okhalitsa. Mkazi wanga anamwalira chaka chija nyanja inakwera n'kulowa m'nyumba za anthu. Manda a m'mudzi anali m'madzi. Tikakumba pang'ono dzenje linkadzaza. Ndiye alongo ake, alamu anga, anati tikamuike pa chitunda cha banja lawo, pomwe kale mayi awo ankalima mapira. Anagona kumeneko yekha. Monga timachitira Asilamu a pamudzi uno, sitinamange chiliza ndipo sitinalembe dzina. Tinaunda dothi, tinaika mwala kumutu ndi wina kumiyendo. Mvula ya zaka zotsatira inatsitsa dothi lija, udzu unamera, moti munthu wosadziwa akanadutsapo osatembenuka.

Maliro atatha, mwambo unali woti andisudzule ndibwerere kwathu. Sanatero. Alamu aakulu, amene ndiwo mwini mbumba, anati ndakalamba nawo limodzi, ndipita kuti. Ndinawathokoza, ndipo pa chimenecho ndimawathokozabe. Komabe ndinkadziwa malo anga. Mkamwini amene mkazi wake wagona alibe mawu pa nthaka, ngakhale pa chulu.

Kenako kunabwera kampani yoweta chambo m'makola oyandama panyanja. Inkafuna malo okwera pomanga nyumba ya ayezi ndi fakitale ya chakudya cha nsomba, ndipo malo okwera m'dera lathu ndi chitunda chomwe chija. Alamu anga anavomera. Sindinawadabwe. Ana a mbumba yawo ambiri ali ku Joni, ena amatumiza kangachepe, ena amabwerako m'bokosi. Ntchito yolembedwa kwanu komwe si chinthu choti munthu wamkulu achikane mopepuka. Ine anandiuza kuti mpanda udzadutsa kutali ndi manda, ndipo ndinawakhulupirira. Koma atakhoma zikhomo ndinapeza kuti mkazi wanga ali m'kati, pomwe amati padzakhala bwalo lotembenukirapo malole.

Za mabanki ndinazimvera pakhonde, ndili pa makina anga. Kalaliki wina wa kampaniyo anabweretsa thalauza kuti ndilichepetse, ndipo anali munthu wokonda kufotokoza zinthu. Anati ndalama zomangira zinali zochuluka moti banki imodzi sikanakongoza yokha. Banki yaikulu ya ku Ulaya ndiyo inatsogolera, n'kuitana anzake: ina ya ku Joni, ina ya ku Tanzania, ndi ina ya kuno kwathu ya ku Blantyre. Iliyonse inaponya gawo lake m'thumba limodzi, pa pangano limodzi. Ya kwathuyi inaponya zochepa, koma anaipatsa ntchito yokhala maso a anzake, popeza ndiyo ikudziwa dziko ndi anthu ake. Ndalamazo sizituluka zonse pamodzi, zimatuluka m'zigawo, ndipo chigawo chisanatuluke eni ake amabwera kudzaona okha. Anatinso m'panganomo muli lamulo lakuti ntchito ikakhudza manda kapena nyumba za anthu eni ake asanavomere, zonse ziime. Mmodzi akabweza dzanja, onse amabweza.

Ndinamufunsa ngati za manda anafufuza kale. Anaseka, nati zimenezo zinatha kalekale. Banki ya kwathu inatumiza anthu, anayenda chitunda chonse akufunafuna ziliza ndi mitanda, sanapeze kanthu. Anafunsanso mwini mbumba, ndipo iwo anati pamenepo pali udzu basi. Kalalikiyo sankadziwa amene akumuuza. Ndinamaliza thalauza lake bwinobwino, anavala n'kumapita.

Masana omwewo ndinapita kwa alamu. Anandilandira bwino, anandiyalira mphasa. Anati palibe amene akumbe pamalopo, adzangothira simenti pamwamba, fupa ngakhale limodzi silidzakhudzidwa. Ine ndinati malole adzakhala akutembenukira pa nkhope yake. Iwo anati wakufa sadya, odya ndi amoyo. Nditalimbikira, anasintha mawu.

"Alamu, ameneyo ndi mlongo wanga. Ine ndi iye tinayamwa bere limodzi. Inu munangomupeza atakula."

Ndinati zimenezo n'zoona. Anawonjezera kuti mkamwini asamakule mwendo, ndipo ndinati zimenezonso ndinazimva ndili mnyamata. Tinatsazikana mwaulemu.

Ndinapitanso kwa shehe wathu. Anati kuponda manda n'koletsedwa, ndipo anatinso kugawa mudzi n'koletsedwa. Anandiuza kuti ndipirire. Ndinabwerako ndi mawu awiri olondola, osadziwa kuti ndipirire chiti.

M'mawa wa mwera uja ndiye tsiku limene eni mabanki ankabwera. Mudzi wonse unkadziwa, chifukwa msewu anali atauthira madzi. Nditangomwa tiyi, alamu anatumiza uthenga wakuti andipezera ntchito yosoka maovolosi a antchito onse a kampani, koma ndinyamuke nthawi yomweyo ndikasankhe nsalu ku boma ku Mangochi. Ntchito ngati imeneyo sindinaigwirepo chiyambire kusoka. Mwina ankafuna kundithandiza, mwina ankafuna kundichotsa pamudzi, mwina zonse ziwiri. Mtima wa munthu sindimauona. Ndinabweza uthenga wothokoza, n'kunena kuti lero ndili ndi ulendo wina.

Ndinavala mkanjo woyera ndi chisoti, n'kukwera chitunda kudzera kanjira ka mbuzi, popeza mbali imeneyo mpanda anali asanatseke. Chigalimoto chija chinali chitasalaza mpaka pafupi kwambiri. Panatsala kachigamba ka udzu, m'kati mwake muli miyala iwiri ija, ndi tinsalu tofiira pa zikhomo tikuuluzika ndi mphepo. Ndinakhala pansi pambali pa manda.

Alamu ndiwo anayamba kundiona. Anali atavala jekete lomwe ndinawasokera ndekha.

"Alamu, mwavala ngati lero ndi Lachisanu la Juma. Kalendala yanu inapita ndi madzi kodi?"

"Ndabwera kudzacheza ndi mlongo wanu."

"Mudzacheze mawa."

"Mawa mudzakhala mutathira simenti."

Kukoka munthu wokalamba pamaso pa antchito sakanatha, ndipo magalimoto anali akulowa kale pachipata.

Alendo anatsika atavala zipewa zolimba ndi timajekete towala. Panali mayi wachizungu wa imvi wochokera ku banki ya ku Ulaya, bambo wamtali wa ku Joni amene sankachotsa foni kukhutu, bambo wina wonenepa wa ndevu zazifupi wochokera ku Tanzania, ndi mayi wachitsikana wa banki ya kwathu, amene ankamasulira. Pambuyo pawo panali akuluakulu a kampani ndi anthu a m'mudzi ambiri ndithu. Anayenda akulozerana uku ndi uku mpaka anafika pomwe ndinali. Mzungu uja anafunsa kanthu akundiyang'ana, ndipo alamu anayankha m'Chichewa kuti mayi wa banki amasulire. Anati ndine mlamu wawo, mutu wanga unasokonekera chimwalirire mkazi wanga, ndimakonda kukhala pamenepa, asandisamale.

Anthu a m'mudzi anamva onse. Ena anaseka pang'ono, ena anayang'ana pansi. Ambiri a iwo analipo tsiku loika maliro, ena ndi amene anagwira makasu. Palibe amene anatsegula pakamwa.

Mayi wa banki sanamasulire msanga. Anabwera pafupi nane, ananjuta, nafunsa motsitsa mawu kuti ndikudikira ndani.

"Pano pagona mkazi wanga, mayi."

"Chiliza chili kuti, bambo?"

"Ife sitimanga ziliza."

Anayang'ana muudzu, naona mwala umodzi, kenako winawo. Nkhope yake inasintha. Anandinong'oneza kuti banki yawo ndi yaing'ono pagulupo, ndipo ndi iwo amene anatsimikizira anzawo kuti pachitunda palibe manda. Akanena zimenezi ndalama ziima lero lomwe, ndipo mlandu udzagwa pa iwo. Ndinamuuza kuti sindinabwere kudzagwetsa munthu, koma asamasulire bodza lonena za ine. Ngati zoona zamulemera, angokhala chete. Anaimirira n'kukhaladi chete. Sindinamuone ngati woipa. Anali mwana wa munthu wina, atanyamula katundu amene sanamumange yekha.

Gulu linayamba kusuntha. Apo ndinadzuka, ndinavula nsapato, ndinaima moyang'ana manda, n'kupereka salamu ya anthu ogona m'manda, ija timanena m'Chiarabu. Ndimachita zimenezi nthawi zonse ndikapita kumeneko, koma tsiku limenelo ndinakweza mawu kuposa masiku onse. Wina anganene kuti chinali chifukwa cha mphepo. Sichinali chifukwa cha mphepo. Ndinkafuna amve, ndipo sindibisa. Kenako ndinatambasula manja kuchita dua, kumupempherera kwa Mulungu.

Bambo wa ku Tanzania uja anaima. Ndinamuona m'mbali mwa diso akuyang'ana miyala, kenako dzuwa, kenako chakumpoto, monga amachitira Msilamu akafika malo achilendo n'kumafuna kudziwa kumene kuli Maka. Mwala wina unali kum'mawa, wina kumadzulo, ndipo munthu wogona pakati pa miyala yotero atagonera nthiti ya kumanja, nkhope yake imayang'ana ku Maka. Anthu ofufuza aja anadutsa pamiyalayi osaona kanthu, chifukwa ankafuna simenti. Iyeyu anaona. Anabwera nayima pambali panga.

"Kaburi, mzee?"

Mawu amenewo sanafune womasulira. Kaburi ndi manda, timatero ku madrasa, ndipo ife a ku Makanjira tinakula tikumva Chiswahili kwa amalonda.

"Kaburi," ndinatero.

Anavula chipewa cholimba chija, anachiika pansi, natambasula manja ake pamodzi nane. Titamaliza anandigwira dzanja, kenako anapita kwa mzungu uja kukalankhula naye Chingerezi. Sindinamve zomwe ananena. Koma pambuyo pake mayi wa banki ya kwathu analankhula nthawi yaitali, akuloza ine ndi miyala, ndipo ndinadziwa kuti wasankha kunena. Bambo wa ku Joni anachotsa foni kukhutu. Posakhalitsa wina anakodola woyendetsa chigalimoto chija, ndipo chinazima.

Ndalama zinaimadi, monga ananenera kalaliki uja. Amisiri anawauza kuti akadikire kunyumba. Miyezi inapita malata ali chiunjikire, udzu ukumera m'maziko. Khonde langa linauma. Anthu amene ndinawasokera zovala za ukwati ndi za ana awo anayamba kupita kwa telala wa kumsika. Kumjigo amayi ankati nkhalamba ija yasankha mafupa m'malo mwa ana a eni mudzi. Mu mzikiti timaima pamzere phewa kukhudza phewa, koma masiku amenewo kumanja kwanga ndi kumanzere kwanga kunkatsala mpata woti mwana n'kudutsa. Shehe ankati tsekani mipata, anthu n'kusuntha pang'ono, osafika.

Tsiku lina bambo wina wa ana atatu, amene ankagwira ntchito yoponda matope kuchitundako, anabwera n'kuima kutsogolo kwa makina anga. Sanatukwane. Anangondifunsa kuti ana ake adya chiyani. Ndinamuuza kuti njala ya ana ake ndi yoona, manda a mkazi wanga ndi oonanso, ndipo amene anati pachitunda pali udzu basi si ine. Anachoka osatsazika.

Kampani inabwera ndi maganizo akuti afukule mkazi wanga mwaulemu, akamuike kumanda a m'mudzi, amene tsopano anali atauma. Sanda yatsopano, dua, chakudya cha anthu, zonse adzalipira okha. Shehe anati pakakhala chifukwa chachikulu zimenezo n'zololedwa. Alamu anavomera m'malo mwa mbumba. Koma panapezeka kuti pangano la mabanki lija linkafuna kuti mwamuna wa womwalirayo avomerenso. Zinandidabwitsa. Ine mkamwini, wopanda mawu pa chulu cha m'mudzi momwe ndakalambira, anthu a kutali amene polemba panganolo anali asanandionepo anali atandisungira mawu. Ndiye ndinawagwiritsa ntchito. Ndinakana.

Anabwera kangapo, mosinthanasinthana, ena mofatsa ena mokalipa. Yankho langa linali limodzi. Ndinalowa m'dzenje lija ine ndemwe, ndinamulandira ndi manja anga, ndinamasula mfundo za sanda yake, ndinamutembenuzira nkhope ku Maka. Akanati madzi akumukokolola, ndikanakhala woyamba kugwira khasu. Koma sindinaone chifukwa choti adzutsidwe kuti lole itembenuke bwino. Ena anati ndikufuna kukweza mtengo. Ndinawauza kuti afunse kampani ngati ndinatchulapo mtengo.

Mayi wa banki ya kwathu uja anabweranso yekha, atavala chitenje. Anandiuza kuti kuntchito anamudzudzula kwambiri, koma sanamuchotse. Anati mabankiwo akukangana okhaokha. Ya ku Joni inkafuna kutuluka m'panganolo, ya ku Ulaya inkafuna kuti chitunda chonse chifufuzidwenso kuyambira pachiyambi, pomwe ya kwathu ndi ya ku Tanzania, zing'onozing'ono ziwirizo, ndizo zinkachonderera kuti ntchito isafe koma mapulani asinthe. Sanandipemphe kuti ndisinthe maganizo. Anangopempha kuti ndimuonetse pomwe manda ayambira ndi pomwe athera, ndi njira yomwe ndimadzera. Tinakwera limodzi, ndipo titafika anavula nsapato ndisanamuuze.

Pamapeto pake bwalo la malole analisunthira kumunsi, komwe anafunika kuthira miyala yambiri chifukwa cha chinyontho. Zimenezo zinadya ndalama, moti fakitale ya chakudya cha nsomba anaimanga yaing'ono kuposa momwe analonjezera, ndipo olembedwa ntchito anachepa. Mpanda wa kampani unakhota n'kusiya manda kunja, ndi kanjira kake. Bambo wa ana atatu uja anamuitananso. Ena sanawaitane.

Ntchito itayambiranso, alamu anasonkhanitsa mbumba. Anati ngati ndipepese pamaso pa onse chifukwa chowachititsa manyazi kwa alendo, ndikhalabe m'nyumba ya mlongo wawo. Ndinati pa chilichonse chimene ndinawalakwira zaka zonsezi ndine wokonzeka kupepesa, koma pa chimenechi ayi. Ndiye anandisudzula. Anachita mwa dongosolo lake: anathokoza kuti ndinasunga mlongo wawo bwino mpaka imfa, anandipatsa ufa ndi nkhuku, nati ndipite mu mtendere. Ankayembekeza kuti ndikwera boti la ku Makanjira. Ine ndinakweza makina anga pa njinga ya kabaza, n'kukapeza kachipinda ka lendi kumsika wa kumsewu wa tala. Kuchokera pamenepo kupita kuchitunda ndi ulendo woti miyendo yanga ikuuthabe.

Nyumba ija sinandipweteke kwambiri, inali ya eni ake. Chimene chinakhala pamtima panga nthawi yaitali ndi mawu aja akuti mutu wanga unasokonekera, ndi kukhala chete kwa anthu amene anagwira makasu. Ndinkati ndikaima pa swala, mawuwo n'kubwera. Ramadhani inabwera n'kupita ndisanawatule.

Tsiku la Idi titatuluka pa swala, ndinapeza alamu atandidikira pansi pa mtengo, atatsamira ndodo. Anali ataonda. Anati mkanjo wanga wafupika, kodi telala alibe womusokera. Ndinati jekete lawo lakula, abwere nalo ndidzalipane. Tinaseka pang'ono. Kenako anafunsa, akuyang'ana kumbali, ngati kumanda kuli kolambula. Anati chichitikire zija sanapiteko, ndipo kudutsa okha pafupi ndi chipata cha kampani kukuwavuta.

Tinakwera limodzi pang'onopang'ono, akupuma m'njira. Iwo anaima kumiyendo, ine kumutu. Anachita dua yaitali kuposa yanga. Potsika anati pakanapanda ine fakitale ija ikanakhala yaikulu, ndipo adzukulu awo awiri sakanapita ku Joni. Ndinati n'zoona. Anadikira kuti ndiwonjezere kanthu, koma sindinawonjezere. Inenso ndinadikira kuti atchule za mawu aja, ndipo sanatchule. Tinasiyana pamphambano, iwo kulowera kumudzi, ine kumsika.

Sindinapepese, ndipo zitachitikanso ndikhoza kukakhalanso pamalo pomwe paja. Iwonso sanapepese, ngakhale mmodzi wa anthu amene analipo tsiku lija. Koma alamu anga, ndi amene anaseka, ndi amene anayang'ana pansi, onsewo ndinawakhululukira.